Gasiketi ya hedi ikapsa: kukonza kagalimoto kakale kuti musadzatsegule kawiri

Mukamachoka mumzinda wa Tete kubwera kwathu ku Angónia m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala, kawirikawiri simufika pa Mussacama musanaone galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili m'mwamba, mwini wake akuzungulirazungulira ndi chigubu m'manja. Kuchigwa cha Zambezi kutentha kumafika madigiri 40 mpaka kupitirira, galimoto yadzaza anthu ndi katundu wa m'sitolo, ndipo kutsogolo kuli zitunda zokhazokha. Zambiri mwa galimoto zotere zimakathera pa galaja, nkhani yake n'kukhala imodzi: gasiketi yapsa.

Ine ndine makaniko ku Ulongwe, ndipo mahedi ambiri amene ndatsitsa ndi a timagalimoto ta ku Japan timene tinafika kuno titayenda kale: Corolla, Sprinter, Platz, Vitz, Probox. Chimene chimandiwawa mumtima ndi kuona munthu amene wagulitsa fodya kapena matumba a kachewere kuti akonzetse galimoto yake, akubweranso patangotha miyezi iwiri ndi matenda omwewo, chifukwa amene anatsegula injiniyo anangosintha gasiketi osafufuza chimene chinaiwotcha. Gasiketi sipsa yokha. Pali chimene chimaipha, ndipo chikatsala m'galimoto, yatsopanoyonso ipsa.

Zimene zimachitika m'kati

Pansi pa injini pali buloko, mmene mumayenda mapisitoni. Pamwamba pali hedi, mmene muli mavavu ndi mapulagi. Gasiketi imagona pakati pa ziwirizi ndipo imalekanitsa zinthu zitatu zosayenera kukumana: moto wa m'masilinda, madzi oziziritsa, ndi oyilo.

Mainjini a 4A-FE, 5A-FE ndi 7A-FE, amene ali m'ma Corolla a zaka za m'ma 1990, ali ndi buloko yachitsulo koma hedi ya aluminiyamu. Aluminiyamu akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Injini ikamatentha mwa masiku onse palibe chovuta, opanga anaziwerengera kale. Koma ikawira, hedi imafuna kukula pamene mabawuti aigwira zolimba, ndiye imafinya gasiketi mopyola muyeso, ndipo ikazizira imatsala yopindika pang'ono. Kampata kamene katsalako n'kochepa ngati tsitsi limodzi, koma moto umakapeza. Mainjini a 1NZ-FE ndi 2NZ-FE, amene anayamba kutuluka mu 1999 ndipo ali m'ma Platz, Probox ndi Corolla za pambuyo pake, ndi a aluminiyamu pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo nawonso sapirira kuwira.

Musawaone ngati ofooka. Ndaona ambiri atadutsa makilomita 300,000 hedi isanatsegulidwepo. Amene amafika pamenepo ndi aja amene sanawirepo.

Poyamba tsimikizani kuti ndi gasiketidi

Musamasule bawuti ngakhale imodzi chifukwa choti wina wayang'ana utsi n'kunena kuti yapsa. Kuno ku Angónia m'mamawa a Juni ndi Julayi galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi yoyera kumbuyo. Nthunzi yodetsa nkhawa ndi imene sikutha ngakhale injini yatentha, makamaka ngati madzi akuchepa tsiku ndi tsiku koma pansi sipakudontha kanthu.

Yesani m'mawa injini ili yozizira. Tsegulani chivindikiro cha rediyeta, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani injini, ndipo muyang'ane. Tithovu timene tikutuluka mosalekeza, n'kumachuluka mukaponda mafuta, ndi mpweya wa m'silinda umene ukulowa m'madzi. Tsekani, lizaninso, mugwire paipi yaikulu ya pamwamba. Ikalimba gwa m'mphindi imodzi kapena ziwiri madzi asanatenthe n'komwe, chizindikiro ndi chomwecho. Chivindikirochi musachitsegule injini ili yotentha. Madzi ake amathovoka n'kusupula nkhope ndi manja.

Kenako chotsani mapulagi onse muwandandalike mmene analili. Pulagi imodzi ikakhala yoyera ngati yotsukidwa pamene zinzake zili ndi mwaye, silinda imeneyo ikumwa madzi. Mwini galimoto mukamufunsa amavomera kuti m'mawa injini imanjenjemera kaye kwa kanthawi kenako n'kukhazikika. Solorani ndodo yoyezera oyilo: akakhala ngati thobwa, madzi alowa. Koma kautoto koyera pang'ono pansi pa chivindikiro cha oyilo, m'galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi nyengo yozizira, si umboni ayi. Chenjeraninso ndi galimoto za otomatiki, zimene ndi zambiri mwa zochokera ku Japan. Oyilo wa giyabokosi amadutsa m'kapaipi ka m'kati mwa rediyeta, ndipo kakabooka madzi amasanduka phala lofiirira. Pamenepo yolakwa ndi rediyeta.

Ngati pali choyezera kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, chigwiritseni ntchito: injini yofunda, mapulagi onse kunja, mafuta ndi moto zoduliratu, phazi lili pansi pa chopondera mafuta. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yaduka pakati pawo. Pa mainjini a Toyota amenewa kusiyana kwa silinda ndi inzake sikuyenera kupitirira bar imodzi pa choyezeracho. Komabe kompuresheni yabwino sikutanthauza kuti gasiketi ili moyo, pakuti kabowo kakang'ono kamangotseguka injini ikatentha. Magalaja ena ali ndi kabotolo ka madzi abuluu kamene amaika pakhosi pa rediyeta. Utsi wa petulo ukadutsamo madziwo amasanduka achikasu. Mukapeza pamene ali nako, lipirani ndalama yochepayo.

Funani chimene chinaiwotcha

Apa ndi pamene ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse.

Yambani ndi rediyeta. Mutu wake wapulasitiki ukakalamba umasanduka wofiirira n'kung'ambika mng'alu wopyapyala umene umangotuluka madzi injini ikatentha, madziwo n'kuuma osafika pansi. Funani timizere toyera ta mchere. Yang'ananinso pakati pa rediyeta ndi chozizira cha eyakoni chimene chili kutsogolo kwake: galimoto yoyenda misewu ya fumbi ya ku Tsangano kapena Furancungo, kapena yodutsadutsa m'fumbi la malasha ku Moatize, imaunjika pamenepo udzu, nthenga ndi dothi mpaka mphepo osadutsa. M'kati namonso, madzi a pamjigo amasiya miyala yoyera imene imatseka timipaipi. Rediyeta yotsekeka theka imanyenga: m'tauni galimoto imayenda bwinobwino, koma pa chitunda chachitali ndi katundu imawira.

Chivindikiro cha rediyeta ndi chotsika mtengo koma chapha mainjini ambiri. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka cha m'ma 120. Labala wake akatha, madzi amawira msanga, ndipo kuno kumapiri ngakhale madzi a mumphika amawira asanafike pa 100. Gulani chatsopano cha nambala yomweyo.

Fani yamagetsi iyenera kuyaka yokha injini ikatentha. Isayesedwe pongolumikiza ku batire. Onani ngati imayaka payokha, pakuti nthawi zambiri chakufa ndi rileyi, fyuzi kapena kachipangizo komva kutentha. Pampu ya madzi igwedezeni: ikakhala ndi mpata, kapena pakabowo kake pakakhala zizindikiro za kudontha, yatha. Ina imaoneka yabwino kunja koma mapiko ake m'kati anadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha zaka zambiri za madzi opanda mankhwala.

Tsono thamositati, kachitsulo kamene kamatsekera madzi m'injini ikadali yozizira n'kuwatsegulira njira ya ku rediyeta ikatentha. Mdala wina atabwera ndi Corolla yake anandiuza kuti, "Mwanawe, kachitsulo kameneko ndi ka kumaiko ozizira, kuno timachotsa." Ndinawayankha kuti, "Bambo, galimoto yanu inawira kalibemo kale." Kuchotsa thamositati sikuchiza rediyeta yotsekeka. Kumangochititsa kuti injini izichedwa kutentha, kompyuta izithira mafuta ambiri, masilinda azidyeka msanga. Pa mainjini ambiri thamositati ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi m'injini, choncho ikachotsedwa madzi ena amangozungulira osapita ku rediyeta. Iyeseni mumphika pamoto: ya Toyota imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, madzi asanawire. Ikakana, kapena ikakhala yokhamula kale ili yozizira, ikani ina.

Kodi injiniyo ndi yoyenera kuikonza?

Ngati isanapse inali kale kutulutsa utsi wabuluu, kumwa oyilo lita pa ulendo uliwonse, kapena kugogoda pansi, gasiketi yatsopano siibweza unyamata. Chimodzimodzi imene yayenda masabata oyilo ali wosakanikirana ndi madzi, chifukwa mabeyaringi amakhala atadyeka. Zikatero funsani mtengo wa injini ina yakale yathunthu, muyerekeze. Koma ngati inali yabata, yosamwa oyilo, ndipo inaimitsidwa msanga itangowira, ikonzeni mosakayika.

Mankhwala a m'botolo otsekera mabowo, mazira, ufa wa tsabola ndi zina zimene anthu amathira m'rediyeta sizingagwire moto wa m'silinda. Zimangotseka rediyeta, mavuto n'kukhala awiri.

Zogula

Musagule ndi dzina la galimoto lokha. Magalimoto ambiri kuno anasinthidwapo injini, choncho werengani nambala yodindidwa pa buloko. M'masitolo a ku Tete mukanena kuti junta da cabeça akumvani, ndipo paketi yonse ndi jogo de juntas. Ena amaoloka pa Calomue kukagula ku Dedza kapena ku Lilongwe. Kulikonse kumene mungapite, nyamulani gasiketi yakale muigoneke pamwamba pa yatsopano, muone bowo ndi bowo. Ya 1NZ-FE ndi yachitsulo, ya timapepala tosanjikiza. Musalole kupatsidwa yofewa m'malo mwake chifukwa chotchipa. Pa zinthu zonse za ntchito imeneyi, apa ndi pamene sindilola kusunga ndalama.

Paketi yonse ndiyabwino chifukwa mumakhala timalabala ta mavavu, gasiketi za manifodi (mapaipi olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi pa hedi) ndi ya chivindikiro cha pamwamba. Onjezani mabawuti atsopano a hedi, pakuti amenewa amatamuka akamangidwa ndipo akawira amatopa. Pa injini ya lamba, ikani lamba wa taimingi watsopano, uja woyendetsa mavavu pa nthawi yake, ndi kagudumu komukunga, popeza mwafika kale pomwepo. Oyilo ndi fyuluta gulani kawiri, mumva chifukwa chake kutsogoloku. Pa zida, chosasoweka ndi tokirenchi, sipanala yoyeza mphamvu yomangira. Ngati makaniko wanu alibe ndipo akuti dzanja lake limadziwa, bwerekani kwina kapena pitani kwina. Mufunikanso soketi ya makona 12 yolowa m'mitu ya mabawuti a hedi, chitsulo chowongoka bwino, ndi filageji, timasamba tachitsulo toyezera mipata.

Kumasula

Injini izizire usiku wonse. Kumasula hedi yofunda ndi kuipinda dala. Gwirirani ntchito pamalo otchingika, chifukwa kamvuluvulu mmodzi wa mu Seputembala akhoza kuthira mchenga m'masilinda otsegula. Chotsani waya wa negativi ku batire, khuthulani madzi ndi oyilo. Madzi a mankhwalawa ndi poizoni ndipo amatsekemera, choncho asatsale m'beseni pamene ana, agalu kapena mbuzi zingafike. Jambulani ndi foni mawaya ndi timapaipi tonse musanazule.

Zungulizani injini ndi sipanala pa pule ya pansi mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba ndipo zizindikiro za taimingi zigwirizane, pansi ndi pamwamba. Onjezani zizindikiro zanu ndi penti. Mukatero chotsani manifodi onse awiri, chivindikiro cha pamwamba, ndi lamba. Pa 1NZ-FE pali tcheni, ndipo muyenera kuchotsa chivindikiro chonse cha kutsogolo, ntchito imene imadya nthawi kuposa ya lamba.

Pa 4A-FE ndi abale ake pali kamsampha. Kamushafuti ndi ndodo yozungulira imene imatsegula mavavu, ndipo ya mbali yolowera mpweya ili ndi magiya awiri ophatikizana okhala ndi sipuling'i pakati. Musanaichotse, lowetsani kabawuti ka mamilimita 6 pabowo lake kuti magiyawo asasunthane. Mukaiwala, injini idzalira phokoso la magiya mukadzaibweza. Tizitsulo togwira kamushafuti tili ndi manambala ndi mivi. Timasuleni pang'onopang'ono mosinthanasinthana ndipo chilichonse chidzabwerere pamalo pake. Tizikapu ta pamwamba pa mavavu musatisakanize ngakhale pang'ono, popeza kalikonse kali ndi makulidwe ake. Ine ndimagwiritsa thileyi ya mazira yolembedwa manambala.

Mabawuti a hedi alipo 10. Amasulidwa kuyambira kunja kulowera pakati, modumphanitsa, pang'onopang'ono maulendo atatu, osati imodzi mpaka kutheratu. Abayeni pa katoni mmene analili, chifukwa pa mainjini ena a mbali imodzi ndi aatali kuposa a mbali inayo, ndipo musataye mawashala. Hedi ikakakamira, yang'anani kaye ngati pali kabawuti kapena paipi yotsala kumbuyo. Musakhome sikuludiraiva pakati pa hedi ndi buloko. Mukainyamula igonekeni pa matabwa.

Gasiketi yakaleyo musafulumire kuitaya. Iyang'aneni pamene yada kapena yaduka, muyang'anenso malo omwewo pa hedi ndi pa buloko. Pisitoni imene yayera kuposa zinzake ikuuzani kumene madzi amalowera. Ngati gasiketi ikuoneka yabwinobwino paliponse koma madzi amalowa, ganizirani za mng'alu.

Kuyeza hedi

Palani zotsalira ndi chopalira chapulasitiki kapena lezala yogoneka bwino, osakanda aluminiyamu, mutatseka mabowo a oyilo ndi masilinda ndi nsanza. Chopukusira chamagetsi chisayandikire pamenepa. Chimakumba timaenje tosaoneka ndi maso. Pakayera, gonekani chitsulo chowongoka m'litali, m'lifupi ndi mopingasa kuchokera pa kona kufika pa kona, n'kumayesa kulowetsa filageji pansi pake. Pa mainjini ang'onoang'ono a Toyota amenewa malire ndi mamilimita 0.05. Kasamba ka 0.05 kakalowa momasuka penapake, makamaka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu pamene pamatentha kwambiri, hediyo ipite kokasikima, kutanthauza kukaisenda pang'ono pa makina kuti nkhope yake iwongoke. Yezaninso buloko chimodzimodzi, makamaka ya aluminiyamu.

Musanapite nayo, gonekani kamushafuti m'malo mwake popanda tizikapu, muizungulize ndi dzanja. Ikamagwiragwira kapena kugwedera, ndiye kuti hedi yonse yapindika ngati uta. Kusikima kumangowongola pansi, pamwamba n'kutsala popindika. Hedi yotero ndi yofuna ina.

Kwa osikima, amene kuno timati rectificadora, pemphani zinthu zitatu. Ayese ngati ili ndi mng'alu asanaidule. Achotse zochepa zokhazo zimene zikufunika, ndipo akuuzeni kuti achotsa zingati, chifukwa hedi yosikimidwa kawiri katatu imakweza kompuresheni, injini n'kumalira ngati mwathira misomali mukaponda pa chitunda. Chachitatu, nkhope yake ituluke yosalala. Gasiketi yachitsulo simatseka pa mizere imene chikhadabo chikuimva.

Za mng'aluzi ndinaphunzira mowawa. Chaka china ndinatumiza hedi ya 5A-FE kuti akangoisikima, osapempha kuti aiyese, chifukwa mwini galimoto anali pa changu cha kukolola ndipo ndalama zinali zochepa. Inabwera yonyezimira, ndinaimanga mosamala, koma patatha sabata madzi anayambanso kutha. Titatsegulanso tinapeza kamng'alu kobisika pafupi ndi mpando wa vavu. Gasiketi yachiwiri ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo munthuyo anataya masiku ena asanu a ntchito. Kuyambira pamenepo hedi ya injini imene inawira mpaka kuzima sindiimanga isanayesedwe.

Ikabwera, itsukeni ndi parafini ndi kuipemerera mphepo m'mabowo onse, chifukwa tizidutswa ta aluminiyamu timabisala m'njira za oyilo. Itembenuzeni chagada, mapulagi ali momwemo, muthire parafini m'timaenje ta mavavu. Akatsikira m'njira za mpweya kapena za utsi, mavavuwo akufunika kuwapera kuti akhale bwino pa mipando yawo. Sinthani timalabala ta mavavu nthawi yomweyo. N'timene timachititsa utsi wabuluu wa m'mawa m'magalimoto okalamba.

Kumanga

Mabowo a mabawuti m'buloko ayere ndi kuuma mpaka pansi. Madzi kapena oyilo zikatsalamo, bawuti imakanikiza madziwo, tokirenchi n'kulira msanga pamene hedi sinagwire, ndipo nthawi zina buloko imang'ambika. Lowetsani bawuti iliyonse ndi dzanja muone ngati ikuyenda bwino. Pa buloko ya aluminiyamu imene inawira kwambiri mazinga amatha kufooka, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Pukutani nkhope zonse ziwiri zisakhale ndi mafuta. Onani kuti tizikhomo tiwiri tolondolera hedi tili m'malo mwake. Gasiketi igone youma, mbali yoyenera ili pamwamba, bowo lililonse likuonana ndi linzake, makamaka la oyilo wopita ku kamushafuti. Musaipake silikoni, girizi kapena penti. Ndikudziwa kuti ambiri amatero pofuna kuthandiza, koma gasiketi za masiku ano zili kale ndi utoto wake, ndipo zopakazo zimaichititsa kuterera. Silikoni amangofunika pa timalo tochepa tolembedwa m'buku la injiniyo, monga polumikizana chivindikiro cha tcheni. Tsitsani hedi anthu awiri, molunjika, osaikhwekhwereza.

Pakani kaoyilo kochepa pa mazinga ndi pansi pa mitu ya mabawuti. Kumanga kumayambira pakati kupita kunja, modumphanitsa mbali, ngati mukuyala mphasa kuti isachite makwinya. Pa 4A-FE ndi 7A-FE zambiri za m'ma 1990 komanso pa 1NZ-FE, mumamanga onse mpaka 29 Nm pa tokirenchi, osati kamodzi koma pokwera maulendo awiri kapena atatu. Kenako dontheza penti pa mutu wa bawuti iliyonse mbali yoyang'ana kutsogolo kwa injini. Zungulizani iliyonse madigiri 90 motsata dongosolo lomwe lija, ndipo mukamaliza onse bwerezani madigiri 90 ena. Pamapeto madontho onse 10 ayang'ane kumbuyo. Pentiyo ndi imene imakupulumutsani wina akakuyankhulitsani pakati pa ntchito n'kuiwala pamene munalekeza. Injini ya 1ZZ-FE ndi yosiyana: 49 Nm kenako madigiri 90 kamodzi. Choncho musatengere manambala a injini ina. Funani a injini yanuyo musanayambe.

Pokoka madigiri omalizawo mverani dzanja lanu. Mabawuti onse azilimba mofanana. Ina ikafewa mwadzidzidzi, imani. Yatamuka kapena mazinga asololoka, ndipo kupitiriza n'kungowononga gasiketi yatsopano.

Bwezani tizikapu ndi makamushafuti mutazipaka oyilo. Timabawuti ting'onoting'ono ta tizitsulo togwira kamushafuti timafuna mphamvu yochepa, cha pa 13 Nm, ndipo timathyoka msanga. Kumbukirani kuchotsa kabawuti kaja ka mamilimita 6. Ikani lamba kapena tcheni pa zizindikiro, kenako zungulizani injini ndi dzanja maulendo awiri athunthu mbali imene imazungulira. Zizindikiro za pa magiya ndi pa pule zibwerere pamodzi, ndipo pasamveke chogunda. Mukamva chogunda musakakamize. Yezani mipata ya mavavu injini ili yozizira. Pa 1NZ-FE ndi mamilimita 0.15 mpaka 0.25 ku mbali yolowera mpweya, ndi 0.25 mpaka 0.35 ku mbali ya utsi. Ngati munapera mavavu, mipatayi imachepa, ndipo vavu yopanda mpata imapsa.

Kuliza koyamba ndi masiku otsatira

Rediyeta ikhale yotsukidwa kapena yatsopano, mapaipi ofewa kapena otupa asinthidwe, thamositati ilowe kabowo kake kotulutsira mpweya kali pamwamba. Thirani mankhwala a rediyeta osakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera aja owonjezera m'batire (osati asidi), kapena madzi a mvula osefa bwino ngati amenewo palibe. Ngati botolo lalembedwa kuti ndi losakaniza kale, musaonjezere madzi. Anthu amati kuno kulibe chisanu choumitsa madzi ndiye mankhwala ndi achabe, koma ntchito yake yaikulu kwa ife ndi kuletsa dzimbiri limene limadya pampu, rediyeta ndi m'mphepete mwa gasiketi momwe.

Thirani oyilo ndi fyuluta yatsopano. Musanabwezere mapulagi, zungulizani ndi sitata mafuta ali odula mpaka nyali ya oyilo izime. Kenako lizani, kutsogolo kwa galimoto kutakwera pang'ono, hita ili pa kutentha kwambiri, chivindikiro cha rediyeta chili chotsegula kuti mpweya utuluke. Madzi akatsika onjezani. Paipi ya pansi ikatentha ndiye kuti thamositati yatseguka. Tsekani chivindikiro mudikire fani iyake ndi kuzima yokha kawiri. Utsi woyera ukapitirira kwa mphindi zingapo musataye mtima, ndi madzi akale amene anatsala m'paipi ya utsi. Uyenera kutha mukayenda pang'ono.

Isiyeni izizire usiku wonse, m'mawa muonenso madzi m'rediyeta ndi m'kachigubu ka pambali. Kutsika pang'ono tsiku loyamba ndi mpweya umene watuluka. Kutsika tsiku lachitatu ndi lachinayi ndi vuto. Ngati m'oyilo munalowa madzi, khuthulani oyilo woyambayu mutayenda makilomita ochepa chabe, mazana awiri kapena atatu, muike wachiwiri uja ndi fyuluta yake. Mabawuti omangidwa ndi madigiri safuna kukungidwanso pambuyo pake, choncho musalole wina kuwakhudza.

Sabata yoyamba yendani pafupi, monga Ulongwe kupita ku Dómue kapena ku Calomue, osadzaza katundu. Ulendo woyamba wa ku Tete nyamukani m'bandakucha, ndipo pobwerera, pamene pali kukwera, diso likhale pa muvi wa kutentha. Ukangodutsa pamalo pake pa masiku onse, zimitsani eyakoni, tsegulani hita mpaka kumapeto ngakhale kukutentha, ndipo muime pamalo oyamba abwino. Mukaona muvi unakwera kenako watsika wokha mwadzidzidzi, hita n'kuyamba kutulutsa mphepo yozizira, zimitsani injini pomwepo: madzi atha, ndipo kachipangizo komva kutentha kali pouma.

Vitz ndi Probox zambiri zilibe muvi n'komwe, zili ndi nyali yabuluu ya kuzizira ndi yofiira ya kutentha, ndipo yofiirayo imayaka zinthu zitafika kale patali. Pa galimoto zotere ndimalangiza kuikitsa kawotchi ka kutentha kapadera, kolumikizidwa pa paipi ya pamwamba, tsiku lomwelo limene hedi ikumangidwa.